Makalata a omvera: makina a pansi pa bedi ndi thumba la maliro

Moni nonse a ku Mbare, Highfield, Mufakose muno mu Harare, Zimbabwe, ndi inu a ku Norton amene mumatimvera pa foni. Makalata achuluka sabata ino, koma ndasankhapo atatu okamba za umphawi wa pakhomo. Mayina sinditchula, monga mwa nthawi zonse.

Yoyamba yachokera ku Tafara:

"Bambo muulutsi, amuna anga anatisiya chaka chatha. Ankagwira ntchito ya m'dimba kumayadi ndipo sanasiye penshoni. Ndili ndi ana atatu ndi mdzukulu. Lendi ikundivuta, fizi ikundivuta. Kodi ndi bungwe liti limene limagawa chakudya kapena ndalama? Ine ndilibe kalikonse, kupatula makina osokera a malemu mayi anga amene ali pansi pa bedi, ndipo ndikuganiza zowagulitsa."

Pepani mayi ndi zovutazi. Kalata yanu ndi yaitali, ndaidula, koma mawu omalizawo ndi amene andikhudza. Makinawo musagulitse. Mabungwe ogawa ufa amabwera chaka cha chilala n'kumapita, ndipo dzina lanu likhoza kulowa m'kaundula wawo kapena ayi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa tsamba loyamba mwanena nokha kuti muli mtsikana munkasoka pamodzi ndi mayi anu, ndiye manjawo sanaiwale.

Ambiri akuuzani kuti musoke yunifolomu, poti sukulu zimayamba chaka mu Januwale. N'zoona, koma yunifolomu imafuna mpamba wogulira nsalu, umene inu mulibe. Yambani ndi zigamba, mazipi ndi kuchepetsa zovala. Kaunjika wa kumsika wa Mupedzanhamo ku Mbare samukwana munthu ndendende: thalauza litalika miyendo, diresi ikula m'chiuno. Ntchito yotere imangofuna ulusi, singano ndi mafuta a makina, chovalacho kasitomala abwera nacho yekha. Tulutsani makinawo pakhonde kuti odutsa aziwamva akulira. Kandalama kakayamba kuoneka, lowani mukando wa amayi a kutchalitchi kwanu, chipereganyu chija, ndi anthu oti mumadziwa kumene amagona. Ulendo wanu wolandira ukafika, ndiyo nthawi yogula nsalu ya yunifolomu. Kwa akatapila musapondeko n'komwe.

Za fizi, kaonaneni ndi ahedi mufunse za BEAM, ndondomeko ya boma imene inayamba mu 2001 yolipirira ana amasiye ndi ovutika. Ndalama zake zimachedwa kufika kusukulu, aliyense akudziwa, koma dzina la mwana likhalemo ndithu.

Yachiwiri ndi ya bambo a ku Epworth, ndipo awa abwera ndi ukali:

"Inu a pa wailesi mumakonda kunena kuti osauka adzithandize ndi zimene ali nazo. Amenewo ndi mawu a munthu wokhuta. Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, ine ndinabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Marondera. Ndinagwira ntchito pomwepo kuyambira ndili mnyamata, kunazale ndi kushedi yosankhira fodya, mpaka mafamu atalandidwa. Munda sitinapatsidwe, kumudzi kulibe amene amatidziwa, chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo. Tandiuzani, mphamvu zanga ndi ziti?"

Achimwene, simunalakwe kukwiya. Alipo ena amene amatamanda khama la osauka pofuna kuti iwo asachite udindo wawo, ndipo ine sindili nawo limodzi. Madzi, chipatala ndi sukulu si zinthu zoti banja la ku Epworth lidzipangire lokha. Antchito a m'mafamu, ambiri mwa iwo ana a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anatsala m'malere kuyambira 2000, ndipo ena amene anathawira m'tauni anagwetseredwanso nyumba mu 2005 pa Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa. Zimenezo sizinachitike chifukwa cha ulesi wa munthu.

Tiyambe ndi chitupacho. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye n'kumakhala konkuno, ameneyo ndi nzika yobadwira kuno. Inu ndi mmodzi wa iwo. Tengani setifiketi yakubadwa ndi chitupa chakalecho, mupite ku ofesi ya kalembera akakusinthireni. Mzere ndi wautali, mwina mudzabwezedwa kuti mubwere ndi pepala lina, koma musagwe ulesi, chifukwa mapepala a kholo akasokonekera ana nawo amavutika polembetsa mayeso.

Tsono mwafunsa za mphamvu zanu, pomwe mwazitchula nokha. Munthu wodziwa kufesa nazale ya fodya, kambewu kochepetsetsa kaja kosachedwa kufa, sangalephere mbande za repu, kovo (ndiwo zamasamba zofanana ndi repu) ndi tomato. Nazale sifuna munda, malo ang'ono kuseri kwa nyumba ndi madzi a pachitsime akwanira, ndipo m'malokeshoni muno pafupifupi khomo lililonse lili ndi kadimba kofuna mbande. Chinanso, fodya wambiri m'dziko muno tsopano akulimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, ndipo ena mwa iwo amaluza pa okushoni chifukwa chosakaniza magiredi m'belo limodzi. Diso lanu la kushedi ndi malonda. Msika usanatsegulidwe, kafunseni kwa alimi a ku Goromonzi, si kutali ndi kwanu. Sindikunena kuti mulemera nazo, koma si zoona kuti pafamu paja munachoka chimanjamanja.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mlembi wa sosaite ya maliro ku Mufakose. Akuti thumba lawo lili ndi ndalama ndithu, koma mamembala akudandaula kuti sosaite imamudziwa munthu akafa basi, ndipo achinyamata akufuna kuti ndalamazo zizibwerekedwa ngati mpamba. Akufunsa ngati n'koyenera.

Alembi, masosaite amenewa ndi chuma chimene makolo athu anatisiyira. Anawayambitsa ali alendo kumigodi, m'mafamu ndi m'makomboni, kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Anthu amene akhala akusonkha mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri popanda wapolisi wowakakamiza ali ndi chinthu chimene banki ilibe, amadziwana ndipo amachitirana manyazi. Ndiye achinyamatawo ali ndi mfundo. Koma thumba la maliro musalikhudze. Imfa sipangana tsiku, ndipo maliro awiri akagwa sabata imodzi ndalama zili m'manja mwa ogulitsa tomato, sosaite ithera pomwepo. Tsegulani thumba lachiwiri, la okhawo amene akufuna, lokhala ndi buku lake ndi msungichuma wake. Ngongole zikhale zazing'ono, zobweza msanga, ndipo ndalama ziziwerengedwa pamaso pa onse tsiku la msonkhano.

Mugwirizanenso poyera za mtundu wa ndalama. Amene analipo mu 2008 akukumbukira mmene zosunga za zaka zambiri zinasandukira mapepala. Lero tili ndi ndalama ya ZiG, imene inabwera mu Epulo 2024, pambali pa dola ya ku America. Wobwereka madola abweze madola, ndipo zimenezi zilembedwe m'buku asanatenge, osati tsiku lobweza.

Bambo a ku Dzivarasekwa amene munalemba za nkhuku zimene zinafa zonse sabata imodzi, kalata yanu ndaisunga. Ndikufuna ndidzaiyankhe sabata ya mawa tili ndi alangizi a ziweto muno.