Ku Fort Hare, kumene akuluakulu athu anadutsa

Moni nonse amene mukumvetsera, a kumudzi ndi anzanga amene tili kuno ku Joni. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti pa malo onse a ku South Africa, bwanji ndinasankha kukaphunzira kutchire. Zoonadi, Alice, kumene ndikuphunzira, si Johannesburg. Ndi katauni kakang'ono m'chigawo cha Eastern Cape, m'mbali mwa mtsinje wa Tyhume, ndipo eni ake amakatcha Dikeni. Mu Juni ndi Julayi kumazizira moti m'mawa udzu umayera mbee, zala n'kumakana kugwira cholembera. Chakudya chimene ndazolowera ndi umngqusho, chimanga chokonola chophikira pamodzi ndi nyemba. Koma kuno n'kumene kuli yunivesite ya Fort Hare, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni za anthu amene anaimanga.

Sukuluyi inatsegulidwa mu 1916 ndi dzina loti South African Native College, pamalo pamene kale panali linga la asilikali achingerezi pa nkhondo zawo zolanda dziko la Axhosa. Inayamba ndi ophunzira 20. Mphunzitsi wamkulu anali Alexander Kerr wa ku Scotland, ndipo mnzake woyamba naye ntchito anali D.D.T. Jabavu, mwana wa John Tengo Jabavu, mkonzi wa nyuzipepala ya Imvo Zabantsundu amene anamenyera nkhondo kuti anthu akuda akhale ndi koleji yawo. Mipingo ndiyo inamanga nyumba zogona ophunzira: a Methodist anamanga Wesley House, a Anglican Beda Hall, a Presbyterian Iona House. Nelson Mandela atafika mu 1939 ankagona ku Wesley. Sanamalize maphunziro. Mu 1940 anakangana ndi akuluakulu pa chisankho cha bungwe la ophunzira, mkangano umene unayambira pa chakudya cha m'holo, ndipo anachoka.

Alendo akabwera kuno amangofuna kumva mayina akuluakulu: Mandela, Oliver Tambo, Robert Sobukwe, Seretse Khama wa ku Botswana, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe. Ine amene amandigwira mtima ndi Z.K. Matthews, amene ambiri a kwathu sitinamumvepo.

Matthews ndiye anali woyamba kupeza digiri kudzera pasukulu ino, kenako anabwerera kudzaphunzitsa, mpaka kugwirizira udindo wa mphunzitsi wamkulu. Ndi iye amene mu 1953 anapereka ganizo loti anthu a mitundu yonse asonkhane alembe chikalata cha ufulu, chija cha Freedom Charter, ndipo mu 1956 anamangidwa pa mlandu woukira boma pamodzi ndi Mandela ndi ena ambiri. Kenako mu 1959 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo lolanda Fort Hare, kuiika m'manja mwa unduna wa maphunziro a anthu akuda, n'kulamula kuti ikhale ya Axhosa okha. Sukulu imene inkalandira ana a ku Nyasaland, Uganda, Basutoland (Lesotho ya lero), Amwenye ndi makaladi, inatsekeredwa m'khola la mtundu umodzi. Matthews anauzidwa kuti akhoza kupitiriza ntchito ngati atuluka mu ANC. Anakana, natula pansi udindo, atatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo penshoni yake inapita. Taganizani, abale anga. Munthu wamkulu, wa banja, amene wagwira ntchito zaka zonsezo, kusiya ndalama za ukalamba wake patebulo. Ife amene tinasiya kwathu chifukwa cha ndalama tikudziwa kulemera kwa chinthu chimenecho. Aphunzitsi ena anachoka naye limodzi, ena anachotsedwa. Matthews anamwalira mu 1968 ku Washington ali kazembe wa Botswana.

Tsono nafe Amalawi tili ndi gawo lathu pano, ndipo ndi lakale kuposa yunivesite yeniyeniyo. Kutsidya kwa mtsinje kuli Lovedale, sukulu ya mishoni imene inayamba mu 1841. Mu 1876 anyamata achixhosa ochokera ku Lovedale anadzipereka kupita ku Livingstonia kukathandiza ntchito ya mishoni. Mmodzi wa iwo anali William Koyi, amene ankamvana chilankhulo ndi Angoni a M'mbelwa, ndipo ndi iye anatsegula njira yoti amishoni alankhulane ndi mafumu achingoni. Anamwalira mu 1886 ndipo manda ake ali ku Njuyu, m'boma la Mzimba. Anzanga achixhosa ndikawauza kuti mbale wawo anagona m'dothi la kwathu, amadabwa, ena mpaka kundifunsa kuti ku Mzimbako amafikako bwanji.

Patapita zaka, ulendo unatembenuka, a kwathu n'kumabwera kuno. Nyasaland inalibe yunivesite, poti yathu inayamba mu 1965, choncho mwana wanzeru ankayenera kuwoloka malire. Orton Chirwa anaphunzira pano, n'kubwerera kukayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 ndi kukhala nduna yoyamba ya zachilungamo. Henry Masauko Chipembere nayenso anatenga digiri yake pano m'zaka za m'ma 1950. Onse awiri anasemphana ndi Kamuzu mu 1964. Chipembere anafera ku America mu 1975, Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Zimandipweteka kuti kusukulu kwathu tinkamva mayinawa mongodutsa, osauzidwa kuti maganizo awo anapsera kuno, m'zipinda zimene ankatsutsana usiku wonse ndi anyamata a ku Kenya ndi ku Rhodesia.

Fort Hare inapirira nyengo ya boma la Ciskei, dera limene boma la tsankho linapatulira Axhosa, apolisi akulowa pakampasi ndi ophunzira akuthamangitsidwa, mpaka 1991 pamene Tambo, yemwe anachotsedwa sukulu pano mu 1942, anabwerera kudzakhala chansala. Zikalata zakale za ANC zimasungidwa pano, ndipo wophunzira aliyense akhoza kupempha kuziwerenga.

Sabata yamawa ndikhala ndi mayi wina wa ku Nkhata Bay amene amagulitsa nsomba zouma ku East London, atiuze mmene katundu wake amadutsira pa Beitbridge. Amene muli ndi agogo kapena amalume amene anaphunzira ku Lovedale kapena ku Fort Hare, nditumizireni uthenga pa WhatsApp, ndikufuna ndikafufuze mayina awo m'mabuku akale a sukuluyi. Tsalani bwino.