Mlatho umayamba kuundana msewu usanaundane

Zikomo apampando. Amayi ndi abambo, nonse mwamva za mnyamata wathu uja amene galimoto yake inazungulira pa mlatho Lachiwiri m'mawa akupita kuntchito ku Elkhart, kuno ku Indiana, ku America. Ndamuona dzulo, ali bwino, koma galimotoyo yasanduka zitsulo zokagulitsa. Sanamwe, sanali pa foni. Msewu unali wouma mpaka pomwe anakwera pa mlathopo.

Ndiye mvetsani: mlatho umayamba kuundana msewu usanaundane. Pansi pa msewu pali nthaka yosunga kutentha, pomwe mlatho mphepo imauomba pamwamba ndi pansi pomwe. Madzi oundanawo saoneka, mumangoona ngati phula lanyowa. N'chimodzimodzi timisewu tokhota totulukira pa exit. Ife a ku South Bend tilinso ndi vuto la nyanja ya Michigan. Mphepo ikadutsa pamwamba pake imatola chinyezi n'kudzatikhuthulira sinowo, moti kuno kungakhale dzuwa, mamailosi asanu kutsogoloku osaona ngakhale thiraki ili pamphuno panu.

Ena mwa inu, sinditchula mayina, mumati chikwangwani chikanena 70 ndiye kuti mwalamulidwa kuthamanga 70. Ayi achimwene, amenewo ndi malire a tsiku louma. Inenso chaka changa choyamba ndinkayendetsa ngati ndili pa M1 mwezi wa Okutobala, mpaka tsiku lina ndinaponda buleki pa mlatho galimoto n'kutembenuka kuyang'ana komwe ndinachokera. Pa mlatho musaponde buleki mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro musanafikepo.

Eee mayi, funsani.

Akufunsa kuti zikachitika, munthu atuluke m'galimoto kapena ayi. Mayi, mwafunsa bwino, chifukwa kwathu galimoto ikafa timatsika, kuthyola nthambi n'kuyala pamsewu. Kuno musayerekeze. Mu Januwale 2014, pa msewu waukulu wa I-94 pafupi ndi Michigan City, magalimoto opitirira 40 anaombana mu sinowo, kuphatikizapo mathiraki ambiri, anthu atatu n'kumwalira. Pa ngozi yotere, amene akubwera kumbuyo sakukuonani, ndipo ngakhale akuoneni sangathe kuima. Ngati galimoto ikuyendabe, ipititseni m'mbali kwenikweni. Ngati yakana, yatsani ma hazadi, khalani momwemo lamba ali m'chiuno, imbani 911, nambala ya zadzidzidzi. Akakufunsani komwe muli, musati "pafupi ndi mlatho wina wake". Werengani kachikwangwani kobiriwira ka mamailosi m'mbali mwa msewu. Manambala a ma exit amatsata mamailosi omwewo: exit 77 ya ku Notre Dame ndi exit 83 ya ku Mishawaka zatalikirana mamailosi asanu ndi imodzi. Nenaninso komwe mwalowera. Misewu ya nambala ngati 80, 90, 94 imapita kum'mawa ndi kumadzulo, pomwe ya ngati 65 imapita kumpoto ndi kummwera. Mwamva mayi?

Kwa inu opita ku Chicago kukatenga alendo ku bwalo la ndege la O'Hare, pa msewu wolipira wa Toll Road, I-80 ndi I-90 zimayendera limodzi, koma cha ku Lake Station zimasiyana. I-90 imalowera ku Skyway, msewu wa m'mwamba wolowera mu Chicago, I-80 imakaphatikana ndi I-94 kumene kumadzaza mathiraki. Mukaphonya, pitirirani, mukakhotere kutsogolo. Osabwerera chambuyo.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana ku mapoto, ndithamange. Matayala aoneni sabata ino. Mafuta asatsike kupitirira theka. Bulangete, tochi ndi chaja zikhale m'galimoto. Chotsani sinowo pa galasi lonse, osati kabowo kosuzumira. Mukaona apolisi aima m'mbali, sunthirani mzere wina kapena chepetsani liwiro, ndi lamulo. Foni m'manja ndi mlandu kuno ku Indiana kuyambira 2020. Thiraki muziipatsa mpata. Ndipo mlatho umatani?

Eya, umayamba kuundana. Amene muli pa shifiti ya usiku uno, tionane pakhomo, ndili ndi kopimira mpweya wa matayala.