Wosewera akanyoza woyimbira mpira pa foni, chilango chiyambire pati?

Zikomo a tcheyamani. Agogo amfumu, makolo, aphunzitsi a matimu, makaputeni, anzanga oyimbira mpira, komanso inu anyamata ndi atsikana amene mumathamanga pa bwalo lino, ndikuthokoza chifukwa chondipatsa mpata. Komiti yandipempha kuti ligi yathu isanayambe ndiyankhulepo za osewera amene amalemba zonyoza oyimbira pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp mpira ukatha, ndiponso za chilango chimene ayenera kulandira. Ine ndinagwira wenzulo zaka zambiri mawondo asanayambe kundivuta, choncho ena muganiza kuti ndabwera kudzaikira kumbuyo anzanga. Ndikupempha kuti mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa zina zimene ndinene oyimbira sakondwera nazo.

Malamulo a mpira alipo 17. Lachisanu limanena kuti chigamulo cha woyimbira pa zimene zachitika m'bwalo n'chomaliza, ndipo la 12 limati wosewera wotsutsa chigamulocho ndi pakamwa kapena ndi manja aonetsedwe kadi yachikasu, pamene wotukwana aonetsedwe yofiira. Koma makadi aja amathera pa bwalo. Mnyamata akafika kunyumba, n'kusamba, n'kutenga foni mtima udakali m'mwamba, woyimbira alibenso mphamvu pa iye, ndipo n'chifukwa chake mabungwe oyendetsa mpira anaika malamulo awoawo okhudza zimene wosewera amalemba kunja kwa bwalo.

Mlandu umene unatsegula maso a anthu ambiri unachitika ku England mu Januwale 2011. Liverpool inagonja 1-0 kwa Manchester United pa bwalo la Old Trafford m'chikho cha FA. Chigoli chinachokera pa penate imene inaperekedwa mpira utangoyamba kumene, ndipo theka loyamba lisanathe kaputeni wa Liverpool, Steven Gerrard, anatulutsidwa ndi kadi yofiira. Woyimbira anali Howard Webb, yemwe miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo anayimbira ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ku Johannesburg. Mpira utatha, wosewera wa Liverpool wochokera ku Netherlands, Ryan Babel, anaika pa Twitter chithunzi chochita kukonza chosonyeza Webb atavala jezi ya Manchester United. Anapepesa pambuyo pake, komabe bungwe loyendetsa mpira ku England la FA linamulipitsa chindapusa cha mapaundi 10,000, ndipo anakhala wosewera woyamba wa m'ligi yaikulu ya ku England kulangidwa chifukwa cha zolemba pa Twitter.

Taonani bwino chimene Babel analangidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Bungwe la FA silikaniza wosewera kunena, mpira utatha, kuti woyimbira walakwitsa. Angathe kunena kuti penate ija sinali penate, kapena kuti mnzake sanaotche (sanali pa ofusayidi), ndipo palibe amene amuitanire ku bwalo la milandu. Chimene malamulo awo amakana ndi mawu osonyeza kuti woyimbira amakondera, mawu okayikira kukhulupirika kwake, ndi mawu onyoza umunthu wake. Jezi ija inkauza dziko kuti Webb ndi munthu wa Manchester United, ndiye kuti anabera Liverpool mwadala. Kwathu kuno sitichita kufuna chithunzi. Timangolemba kuti “wadya chibanzi” kapena kuti “amugula”, ndipo timalemba mawu amenewa mopepuka ngati kuti tikupereka moni.

Mukati woyimbira walakwitsa, mwanena za ntchito yake, ndipo ntchito ya munthu aliyense imaunikidwa. Mukati wagulidwa, mwamunena kuti ndi wakuba, ndipo wakuba timadziwa tonse chimene chimamuchitikira anthu akamuzungulira. Ndikufuna ndikufotokozereni zimene ndinaona ndi maso anga, ngakhale sinditchula munthu kapena timu. Panali mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyimbira, wofatsa, wodziwa malamulo, amene ankapalasa njinga mtunda wautali kupita ku masewero mbendera atazimanga pa kaliyala. Tsiku lina anakana chigoli chakumapeto ponena kuti wosewera anaotcha. Kaya analondola kaya analakwitsa, nkhaniyo inayenera kuthera pa tebulo la komiti. Koma usiku womwewo kaputeni wa timu yogonja anaika chithunzi chake m'gulupu, n'kulemba pansi pake mtengo umene akuti anamugulira. Pofika m'mawa chithunzicho chinali m'magulupu a mpingo ndi a kumsika. Mkazi wake ankagulitsa tomato, ndipo anthu anayamba kumufunsa pa benchi pake kuti bwanji akugulitsabe tomato pamene amuna ake alemera ndi wenzulo. Mwana wawo anabwera kuchokera ku sukulu akulira. Patapita sabata imodzi mnyamata uja anafika pakhomo panga, anakhala pa khonde nthawi yaitali osayankhula, kenako anatulutsa wenzulo ndi makadi m'thumba n'kuziika pa mpando. Kaputeni uja anafufuta uthenga wake tsiku lachiwiri, koma unali utajambulidwa kale m'mafoni ambirimbiri. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo pa foni mawu amenewa akwaniritsidwa kuposa kale lonse.

Anyamata inu muzindikire kuti wosewera sali ngati wochemerera wamba. Sapota akalalata pa mzere, mawu ake amapita ndi mphepo. Wosewera anali m'bwalo, ndiye anthu amakhulupirira kuti iyeyo waona zimene iwo sanaone, ndipo akalemba kuti woyimbira wagulidwa, ochemerera amatenga mawuwo ngati umboni. Wosewera wotchuka amakhala ndi udindo woposa pamenepa. Mu Malichi 2019, Paris Saint-Germain inagonja 3-1 pakwawo kwa Manchester United n'kutuluka mu Champions League, chigoli chomaliza chitachokera pa penate imene inaperekedwa oyimbira ataonanso kanema wa VAR. Neymar sanasewere n'komwe tsikulo chifukwa anali wovulala, koma analemba pa Instagram kuti anthu amene anaikidwa kuona kanemayo sadziwa mpira, ndipo anamaliza ndi mawu otukwana amene sindingawabwereze pamaso pa amfumu. Bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA linamuletsa kusewera masewero atatu. Timu yake inachita apilo mpaka ku khothi la zamasewero la ku Lausanne, ndipo kumeneko chilangocho chinatsitsidwa kufika pa masewero awiri. Mutolepo zinthu ziwiri. Lamulo linamupeza ngakhale sanavale jezi tsikulo, komanso iye anali ndi khomo lokadandaulako, ndipo dandaulo lake linamvedwa.

Tsopano ndifike pa zimene osewera amandiuza tikakhala pansi. Iwo amati malamulo a dziko lino, m'gawo 35, amapatsa munthu aliyense ufulu woyankhula, ndiye komiti ya mpira ndi ndani kuti iwatseke pakamwa. Funso limeneli ndimalilemekeza. Yankho langa ndi lakuti munthu akasaina fomu yolowera ligi, wavomera kutsata malamulo a ligiyo, monga mmene wolowa m'gulu la banki m'khonde amavomerera chindapusa cha kuchedwa. Ndiponso ufulu woyankhula sunaperekepo chilolezo chonamizira munthu kuba popanda umboni. Komabe osewera ali ndi mfundo ina yolimba kuposa imeneyi, ndipo ndikufuna anzanga oyimbira ayimve bwino. Iwo amati, nanga woyimbira akagulidwadi, tikanene kuti?

Oyimbira ogulidwa alipo, ndipo kukana zimenezi n'kunama. Mu Novembala 2016, South Africa inagonjetsa Senegal 2-1 ku Polokwane pa masewero olimbirana malo ku chikho cha dziko lonse. Woyimbira wa ku Ghana, Joseph Lamptey, anapereka penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wagwira mpira, pamene kanema anaonetsa kuti mpirawo unamugunda m'miyendo. Bungwe la mpira la ku Senegal linalemba dandaulo ku FIFA. Kafukufuku anachitika, anaunikanso mmene anthu anabetchera pa masewerowo, ndipo mu Malichi 2017 Lamptey analetsedwa kuchita chilichonse chokhudza mpira moyo wake wonse. Masewerowo anabwerezedwa mu Novembala 2017, Senegal inapambana 2-0 n'kupita ku Russia. Chimene chinabwezera Senegal chilungamo ndi kalata yopita ku malo oyenera ndi umboni umene unatsatira kalatayo. Zoterezi zinaonekanso ku England mu Januwale 2025, pamene Michael Oliver anatulutsa Myles Lewis-Skelly wa Arsenal ndi kadi yofiira pa masewero a ku Wolverhampton. Arsenal inachita apilo ndipo kadiyo inafafanizidwa m'masiku ochepa. Koma m'masiku omwewo Oliver ndi banja lake analandira mauthenga oopseza moti apolisi anachita kulowererapo, ndipo mauthengawo sanathandize kanthu pa apiloyo.

Apa ndiye pali mlandu wathu ife a komiti. Ku Senegal ndi ku Arsenal khomo lokadandaulira linalipo, ndipo linatseguka. M'maligi ang'onoang'ono ngati yathu, kaputeni amalemba kalata, n'kulipira ndalama ya dandaulo, kenako amadikira mpaka ligi kutha osamva kanthu. Woyimbira amene walakwitsa poyera amaonekanso sabata yotsatira pa masewero akuluakulu, ndipo palibe amene amafotokozera matimu ngati anaitanidwa kapena ayi. Mnyamata amene watuluka thukuta sabata yonse pa maphunziro, n'kusonkha yekha ndalama ya galimoto, akaona kuti kalata yake yagonera m'chikwama cha mlembi, amathamangira ku foni chifukwa kumeneko ndi kumene amayankhidwa msanga. Tikamulanga iyeyo osakonza khomo lija, chilangocho chidzaoneka ngati chotetezera oyimbira aulesi ndi achinyengo, ndipo osewera adzakhala ndi chifukwa chomveka chochidera.

Choncho ndikupempha kuti tisanalange munthu ndi mmodzi yemwe, lamulo lilembedwe m'Chichewa chomveka, liwerengedwe pamaso pa timu iliyonse, ndipo wosewera aliyense asaine kuti walimva. Lamulolo linene poyera kuti kudzudzula chigamulo si mlandu, koma kunena woyimbira kuti wagulidwa popanda kubweretsa umboni ku komiti, kumutukwana, kutchula banja lake, mtundu wake kapena kumene amakhala, ndi mlandu. Atsikana athu amene ayamba kuyimbira amanyozedwa mowirikiza, chifukwa zolembedwa za iwo zimasiya mpira n'kupita pa thupi lawo, ndipo mlandu wotere uyenera kulemera kuposa ina yonse. Malawi anatumizapo Bernadettar Kwimbira kukanyamula mbendera ngati wothandizira woyimbira ku chikho cha dziko lonse cha amayi, ndipo mtsikana wina wa pa bwalo lino angathe kufikako ngati sitimuthamangitsa adakali pachiyambi. Wotumiza uthenga wa mnzake ku gulupu ina nayenso ayankhe, chifukwa mnyamata ndanena uja sanapwetekedwe ndi foni imodzi.

Kukula kwa chilango nakonso kuganiziridwe. Mapaundi 10,000 kwa wosewera wa Liverpool ndi ndalama imene amaipeza m'masiku ochepa, pamene osewera athu ambiri salandira kanthu, ena amagawana nsapato. Chindapusa chachikulu cha ndalama chingothamangitsa mwana wa mmphawi mu mpira, pamene wa kubanja lopeza bwino alipira n'kulembanso mawa lake. Ine ndikuona kuti kuletsedwa kusewera ndiko kumapweteka onse mofanana. Wolakwa koyamba akhale panja masewero amodzi kapena awiri, ndipo apepese m'gulupu momwe analembamo, ndi dzina lake, kuti amene anawerenga chitonzo awerengenso kupepesa. Wobwereza chilango chikwere. Woopseza moyo wa munthu nkhani yake ipitirire komiti, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti, ndipo apolisi ndi amene amaligwiritsa ntchito.

Woimbidwa mlandu aitanidwe, aonetsedwe uthengawo, ndipo apatsidwe mpata wodziteteza, popeza masiku ano munthu angathe kutsegula tsamba m'dzina la mnzake, ndipo m'mabanja ambiri foni imodzi amagwiritsa ntchito anthu atatu. Amene akuweruza asakhale wa timu imene ikukhudzidwa, ndipo woyimbira wodandaulayo asakhale pa mpando woweruza. Mbali inayo, dandaulo la timu lokhudza woyimbira lilembedwe pasanathe masiku awiri chichitikireni masewero, ndipo komiti iyankhe mwa kalata masewero otsatira asanafike. Woyimbira akapezeka kuti analakwitsa kwambiri, apumitsidwe, ndipo matimu auzidwe kuti wapumitsidwa. Akapezeka kuti analandira ndalama, wenzulo ilandidwe ndipo isabwezedwenso.

A mlembi ali ndi pepala limene talembapo mfundo zimenezi. Ndikupempha kuti aliwerenge mzere ndi mzere, ndipo makaputeni ndi oyimbira akhale oyamba kunena pamene akuona kuti sipali bwino, tisanasaine. Zikomo a tcheyamani, zikomo agogo amfumu.