Usiku wonse pa foni kuonera zoopsa: "ndikungofuna kudziwa" ndi bodza

Moni nonse, takulandiraninso. Ndiyambe ndi funso: chomaliza chomwe munaona pa foni dzulo musanagone chinali chiyani? Ngati inali ngozi ya minibasi, nkhondo, kapena vidiyo ya wakuba akumenyedwa pamsika, khalani pompo, nkhani ya lero ndi yanu.

Chizolowezichi pa Chingerezi amati doomscrolling, ndipo dzinali linatchuka mu 2020, nthawi ya Covid-19, pomwe tinkadzuka n'kuyambira pa chiwerengero cha omwalira. Nkhani yoipa ikatha ibwere ina, mtima ukuwawa koma chala osaima. Zifukwa zake ndingodutsamo. Ubongo wathu umatchera khutu ku zoopsa kuposa zabwino, ndimo mmene makolo ankapulumukira kuzilombo. Olemba mitu ya nkhani amazidziwa zimenezi: kafukufuku wa 2023 pa mitu yoposa 100,000 ya tsamba la nkhani la pa intaneti la Upworthy anapeza kuti liwu loipa lililonse lowonjezera pamutu limachulukitsa odina ndi 2.3 peresenti. Ndipo tsamba lopanda mathero lija, lomwe mumatsika osafika pansi, analipanga katswiri wa makompyuta Aza Raskin mu 2006, iye mwini n'kudzanena poyera kuti akunong'oneza bondo.

Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Mwadina? Chabwino, tiyeni ku chimene chandikhazika pano lero.

Pali mawu omwe ndatopa nawo. "Ine ndikungofuna kudziwa zomwe zikuchitika. Za pa foni sizingandivulaze, kumeneko sindinaliko." Achimwene, achemwali, limeneli ndi bodza, ndipo limandipweteka chifukwa olinena ndi anthu omwe akusowa tulo.

Tamverani izi. Pa 15 Epulo 2013 mabomba awiri anaphulika pa mpikisano wothamanga mumzinda wa Boston ku America. Anthu 3 anafa, oposa 260 anavulala. Akatswiri a yunivesite ya California ku Irvine, Alison Holman, Dana Garfin ndi Roxane Silver, anafunsa anthu oposa 4,600 mmene akumvera. Omwe ankaonera nkhaniyi maola 6 kapena kuposa patsiku m'sabata yoyamba anapezeka ndi nkhawa yaikulu kuposa omwe zinawakhudza pamalopo. Ndibwereze, mwina wina anatembenukira kumbali: oonera maola ambiri ali pakhomo anavutika maganizo kuposa omwe zinawakhudza pamalopo.

Zitheka bwanji? Yemwe analipo anaona kamodzi, zinatha, anthu anamugwira dzanja. Inu mwaona vidiyo yomweyo pa Facebook, mwaipezanso pa gulu la WhatsApp la kumpingo, la kuntchito, la pabanja, kenako pa TikTok aiyikira nyimbo ya maliro. Kuona kulikonse thupi limadzidzimuka ngati ngoziyo ikuchitika kumene, mtima kugunda, m'mimba kutentha, tulo kubalalika.

Ife tikuzidziwa bwino zimenezi. Kumbukani Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Zithunzi za matupi a anthu akufukulidwa m'matope zinkayenda m'mafoni usana ndi usiku. Ndikufunseni moona mtima: chithunzi cha 30 chinakuuzani chiyani chimene choyamba sichinakuuzeni? Kodi munadziwa komwe mungakasiye zovala kapena ufa chifukwa choonanso mtembo wa mwana? Ayi. Zofunika kudziwa munazidziwa m'mphindi 10 zoyamba. Kuyambira pamenepo munkangotokosa bala. Lembani mu ma comment ngati sabata imeneyo munagona bwino, ndikufuna ndiwerenge.

Tsopano tichite chiyani?

Choyamba, nkhani muzizipatsa nthawi yake, m'mawa kamodzi, madzulo kamodzi. Wailesi ili ndi ubwino umodzi waukulu: nkhani zikatha, zatha.

Chachiwiri, zimitsani auto-download pa WhatsApp, vidiyo isamalowe yokha. Bandulo yanunso ikhalitsa. Mmene mungachitire ndinaonetsa mu vidiyo ya sabata yatha, link ili pansipa.

Chachitatu, ndipo apa mundimvetse bwino, lekani kutumiza. Munthu wagundidwa pamsewu, inu m'malo mothandiza mwatulutsa foni, ola lisanathe chithunzi chafika kwa mayi ake, achibale asanapite n'komwe kukawauza mwamwambo. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi oupereka, amafika pakhomo, amakhala pansi, amayamba ndi malonje. Ulemu umenewu tautaya kuti? Ngati ndinu admin wa gulu, ikani lamulo lero lomwe: zithunzi za mitembo ayi. Adzadandaula awiri atatu, ena onse adzapuma.

Chachinayi, foni isagone pa pilo.

Koma ngati padutsa masabata awiri tulo osabwera, chakudya osakoma, mantha osachoka, musangoti zitha zokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo pitani kuchipatala cha boma lanu mukafunse oona za matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Vidiyoyi itumizeni ku gulu lija lomwe limadzadza ndi zithunzi za ngozi. Sabata ya mawa tikambirana za ana omwe amaonera nawo zimenezi pa foni za makolo awo.