Kuwoloka America pa Motorhome: Msewu Uti, Mwezi Uti?

[Pa kanema: galimoto yaikulu yaima, munthu akukwera makwerero atanyamula tepi yoyezera]

Takulandirani, abale anga. Musanatsegule mapu, tengani tepi muyeze galimotoyo kuchokera pansi mpaka pa bokosi loziziritsa mpweya lomwe lili padenga. Nambala imeneyo muilembe papepala, muimate pomwe maso aziiona mukuyendetsa.

Tikukamba za motorhome, galimoto yokhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi mkati. Ku America amaitcha RV. Zikuluzikulu zimafika mamita 12 m'litali ndi mamita 4 msinkhu. Ulendo wathu ndi wochoka kugombe la Atlantic kukafika ku California. Foni mukaifunsa njira, imakulozerani yachidule, yoyenera kagalimoto kakang'ono. Siidziwa kuti mwabereka nyumba. Ku New York kuli misewu yotchedwa parkway, ya milatho yofupika, yomwe galimoto zotere saziloleza. Ku Baltimore, misewu yodutsa pansi pa madzi ili ndi malamulo okhwima okhudza mabotolo a gasi wophikira. Zonsezi muzidziwe muli pakhomo.

[Pa kanema: mapu a America, mizere inayi yopingasa]

Misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo za dzikoli imatchedwa Interstate. Lamulo loimanga linasainidwa mu 1956 ndi Pulezidenti Eisenhower. Manambala ake ali ndi tanthauzo: yopingasa dziko kuchokera kuvuma kupita kuzambwe imathera ndi ziro, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti mukusendera kumpoto. I-10 ili kum'mwera kwenikweni, pamwamba pake pali I-40, kenako I-70, kenako I-80.

Ambiri mtima umathamangira ku I-70, ndipo sindikuwadzudzula. Mapiri a Rocky ku Colorado ndi okongola zedi. Koma tamvani. Mukangochoka mumzinda wa Denver, msewu umayamba kukwera mpaka kukalowa mu Eisenhower Tunnel, njira yoboola phiri yomwe inatsegulidwa mu 1973. Pamenepo mwafika mamita 3,400 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekezera. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye kuti nyumba yanu, ndi mapoto ndi mabulangete omwe, ili pamwamba kuposa Sapitwa. Mpweya kumeneko ndi wochepa, ndipo injini yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, imafooka, mumaponda mafuta koma iyo n'kumangokwawa.

Kukwerako si kumene kumandidetsa nkhawa. Ikalephera chitunda, galimoto imangoima. Choopsa ndi mtsetse. Mukatuluka mbali ya kuzambwe kutsikira ku Silverthorne, pa mamita 100 aliwonse msewu umatsika pafupifupi mamita 7, ndipo umatero mtunda wopitirira makilomita 10. Woyendetsa amene amangotsamira pa buleki njira yonse amaotcha mabuleki. Amayamba kumva fungo la chinthu chopserera, kenako akaponda, phazi limangolowa, galimoto osagwira. N'chifukwa chake m'mbali mwa msewuwu anakonza timisewu tokwera m'mwamba todzaza miyala ing'onoing'ono, kuti thiraki yothawa ikatitimire mmenemo.

Madalaivala odziwa amati giya yomwe wakwerera phiri ndi yomwe utsikire. Ikani giya yaing'ono musanayambe mtsetse, injini izikugwirirani galimoto. Liwiro likakwera, pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi, lichepe, kenako chotsani phazi kuti mabuleki apume. Ndipo mukatsika apo simunathane nazo, kutsogolo kuli Vail Pass, mamita oposa 3,200. Mukalowa Utah, pakati pa Green River ndi Salina pali makilomita pafupifupi 170 opanda pomwetsera mafuta. Motorhome yaikulu imatha kuyenda makilomita atatu kapena anayi okha pa lita, choncho ku Green River dzazitsani thanki ngakhale muone ngati mafuta alimo.

[Pa kanema: chigwa chopanda mitengo, udzu ukuwerama ndi mphepo]

Ena amati, basi, tizembe mapiriwo, tidzere I-80. Zoona, mitunda yake ndi yofatsa, ngakhale pa Sherman Summit, pakati pa Cheyenne ndi Laramie, umafikabe mamita 2,600. Koma chigawo cha Wyoming, chomwe msewuwu umadutsa, ndi kwawo kwa mphepo. Motorhome ili ngati khoma loyenda, mphepo yochokera m'mbali imaikankha thupi lonse. Masiku ena akuluakulu a misewu amaletsa galimoto zazitali koma zopepuka kuyenda, chifukwa zimagubuduzika. Mukaona chikwangwani chotero chayaka, chikunena inu. Pezani poima, wiritsani tiyi, mudikire.

I-10 ndi msewu wa nyengo yozizira, Disembala mpaka Febuluwale, pamene kumpoto kwagwa chipale chofewa. Umachoka ku Jacksonville kukathera ku Santa Monica, makilomita pafupifupi 3,960, ndipo oposa 1,400 mwa amenewa muli mu Texas mokha. Mu Julayi musauyese. Ku Phoenix kutentha kumadutsa madigiri 40 tsiku ndi tsiku, matayala ndi injini zimazunzika.

Ineyo munthu woyenda koyamba ndimamulozera I-40, makamaka Seputembala kapena Okutobala. Umayambira ku Wilmington, North Carolina, n'kudutsa Nashville, Memphis, Oklahoma City, Amarillo, Albuquerque ndi Flagstaff, mpaka ku Barstow, California. Ndi makilomita pafupifupi 4,100. Mapiri aliko, Flagstaff yenyeyo ili pa mamita 2,100 ndipo m'nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa chambiri, koma kukwera kwake n'kwapang'onopang'ono poyerekeza ndi Colorado. Kuchokera ku Oklahoma City umatsata mapazi a Route 66, msewu wakale wa 1926 womwe unachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya boma mu 1985, ndipo matauni ake akadalipo. Ku Williams mumapatuka kukaona Grand Canyon. Ndasankha miyezi imeneyi chifukwa kuyambira Epulo mpaka Juni ku Oklahoma ndi nyengo ya akamvuluvulu oopsa aja otchedwa tornado, ndipo motorhome si malo obisalamo.

Ngakhale msewu ndaukondawu, funsani kaye mmene ulili. Safunsa anadya phula. Mu Seputembala 2024 namondwe Helene anagumula gawo la I-40 m'chigwa cha mtsinje wa Pigeon, pamalire a North Carolina ndi Tennessee, ndipo panakhala potseka miyezi ingapo. Chigawo chilichonse chili ndi nthambi yoona za misewu yomwe imalengeza zotere pa intaneti.

[Pa kanema: dzanja likulemba madontho pamapu]

Tsopano dulani ulendowo m'masiku. Oyenda pa RV ali ndi kalangizo kawo ka atatu atatu: musapitirire mamailosi 300 patsiku, omwe ndi makilomita 480, fikani pogona isanakwane 3 koloko masana, ndipo khalanipo mausiku atatu. Langizo lachitatulo limatengera nthawi ndi thumba lanu. Awiri oyambawo ndimawagwiritsitsa, chifukwa kubweza m'mbuyo galimoto ya mamita 12 pakati pa mitengo, mumdima, mutatopa, n'kumene anthu amaphwanyira denga. Pa I-40, kuwerengera kotereku kukupatsani masiku 9 oyendetsa okhaokha, osawerengera opuma.

Pomaliza, timisewu topatukira kumalo okaona. Apa ndi pomwe kapepala kaja kamagwira ntchito kwambiri, ndipo mulembepo ndi litali lomwe. Ku Glacier National Park, ku Montana, msewu wa Going-to-the-Sun suloleza galimoto yoposa mamita 6.4 m'litali kudutsa gawo lake lam'phiri. Motorhome mumaisiya kumunsi pamalo ogona, n'kukwera pa galimoto yaing'ono. N'chifukwa chake mudzaona ambiri akukoka kagalimoto kumbuyo kwa motorhome. Ngati inunso mukoka, kayezeninso litali la zonse pamodzi, ndipo mukumbukire kuti kulemera kwakeko kudzakhala kukukukankhani pa mtsetse wa ku Silverthorne.