Pulogalamu yakana kulowa mu kompyuta? Musatseke kaye kabokosiko

Moni nonse. Mwina zinakuchitikiranipo: mukuika pulogalamu mu kompyuta, kamzere kobiriwira kakuyenda bwinobwino, katsala pang'ono kufika kumapeto, mwadzidzidzi kabokosi katulukira ndipo kamzere kaja kayamba kubwerera m'mbuyo. Ambirife timadina OK mwachangu ngati kabokosiko kakuwotcha. Pamenepo m'pamene timalakwitsa, chifukwa m'kabokosi kameneka ndi mmene kompyuta ikunena chimene chavuta. Musanakatseke, kajambuleni ndi foni. Tikamba za Windows 10 ndi Windows 11.

Pa sikirini: Error 1618

Iyi ndi yosavuta. Ikutanthauza kuti pali pulogalamu ina imene ikulowa nthawi yomweyo, kawirikawiri Windows Update imene ikugwira ntchito mwakachetechete. Dikirani ithe, kapena yatsaninso kompyuta. Koma tamverani apa: sankhani Restart, osati Shut down. Windows ili ndi chinthu chotchedwa Fast Startup, chimene chimasunga zina mwa zimene zinali mkati mukathimitsa, kuti mukadzayatsa isachedwe. Restart ndiye imayambiratu mwatsopano.

Pa sikirini: 0x80070005

Apa kompyuta ikunena kuti mulibe chilolezo. Dinani fayilo yoikira pulogalamuyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Run as administrator. Basi.

Pa sikirini: Error 1603

Iyi ndiye imasowetsa anthu tulo, chifukwa simanena chinavuta. Imangoti zalephereka. Ine ndimayamba n'kufunsa: kodi pulogalamuyi inalimo kale? Nthawi zambiri yakale imakhala ilimo, kapena inachotsedwa mosakwanira n'kusiya zotsalira zimene zikutsekereza yatsopanoyo. Pitani ku Settings, kenako Apps, muifufuze, muichotse, muyatsenso kompyuta, ndiyeno muyambirenso.

Zikakanikabe, onani malo otsala mosungira zinthu mu kompyuta, m'zigawo zija zotchedwa C ndi D. Wina anena kuti, "Koma ine ndikuiika pa D, ndipo pali malo ambiri." Zoona, koma pulogalamu isanakhazikike imayamba yamasula katundu wake mu foda ya Temp, yomwe imakhala pa C. Ngati C wadzaza mpaka kufiira, zithera pomwepo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe %temp%, mudine OK kuti foda ya Temp itseguke, mufufute zimene zili mmenemo. Zina zikakana kufufutika zisiyeni, ndiye kuti zikugwiritsidwa ntchito.

Mwinanso vuto si kompyuta yanu ayi, ndi fayiloyo. Intaneti ikamadukaduka, fayilo imatha kubwera yoperewera kapena yowonongeka. Yerekezerani kukula kwake ndi kumene kwalembedwa patsamba limene munaitenga. Ngati dzina lake likuthera ndi .crdownload, ndiye kuti Chrome sinamalize n'komwe. Pangani dawunilodi kachiwiri, kuchokera patsamba la eni pulogalamuwo.

Pa sikirini: This app can't run on your PC

Chimodzi mwa zimene zimachititsa uthengawu ndi nkhani ya 32-bit ndi 64-bit, yomwe ndi mitundu iwiri ya Windows komanso ya mapulogalamu. Pulogalamu ya 32-bit imagwira pa Windows ya 64-bit, koma ya 64-bit singagwire pa Windows ya 32-bit. Kuti mudziwe yanu, lowani mu Settings, System, About, muwerenge pamene palembedwa System type. Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha, choncho vutoli limakonda makompyuta akale. Nkhani ya makompyuta akaleyi ili ndi mbali inanso: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo pali mapulogalamu atsopano amene amafuna Windows 11 basi.

Tsopano tifike pamene anthu ambiri amadzigwetsera m'dzenje. Pulogalamu yalowa, koma mukaitsegula ikuti VCRUNTIME140.dll palibe. Munthu amathamangira pa Google, n'kupeza tsamba limene likugawa kafayilo kamodzi kameneko. Chonde musatenge. Simukudziwa amene anakaika, kapena zimene anabisamo. Kafayiloka kamabwera mkati mwa Microsoft Visual C++ Redistributable, ndipo Microsoft imaipereka kwaulere patsamba lake. Ikani zonse ziwiri, ya x86 ndi ya x64, chifukwa pulogalamu ya 32-bit imafuna ya x86 ngakhale Windows yanu ili ya 64-bit.

Nanga antivayirasi? N'zoona kuti nthawi zina imatsekereza pulogalamu yabwinobwino. Koma ngati mwatenga pulogalamu yogulitsa mwaulere patsamba losadziwika, ndipo malangizo ake akuyamba ndi mawu oti muzimitse antivayirasi, ine ndingasiyire pomwepo. Mlonda akakuwa, sumuthamangitsa kuti mlendo alowe.

Zonsezi zikalephera, musathamangire kufomata kompyuta. Tengani chithunzi munajambula chija, mulembe nambala ya vutolo pamodzi ndi dzina la pulogalamuyo pofufuza pa intaneti. Mukamapempha thandizo, kaya kwa katswiri kaya m'makomenti m'munsimu, tchulani zinthu zitatu: nambalayo, Windows imene muli nayo, ndi pamene kamzere kaja kanaimira.