Nyumba siitsika mtengo? Kafunseni a ku America ndi a ku China

Muli bwanji nonse, kaya mukuonera muli ku Kapata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi. Lero tikukamba chifukwa chake mavuto aakulu a zachuma amakonda kuyambira pa simenti ndi njerwa. Ngati muli ndi puloti, musachoke mfundo yachiwiri isanathe.

Choyamba, mwachangu. Kumanga kumadya ndalama lero, phindu n'kubwera patapita zaka. Ndiye ambiri amamanga ndi ngongole: munthu, kampani, boma lomwe. Mabanki nawo akamva kuti chikole ndi nyumba, mtima umakhala m'malo. Basi, tipite.

Chachiwiri, bodza limene limandipweteka mtima: akuti nyumba siitsika mtengo. Mumalimva pamaliro, mu chilimba, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Abale anga, anthu a ku America ankanenanso chimodzimodzi. Mabanki ankakongoza anthu opanda malipiro odalirika, poganiza kuti akalephera kubweza adzalanda nyumba n'kugulitsa pamtengo wokwera. Mitengo itayamba kutsika, aliyense anafuna kugulitsa nthawi imodzi, wogula kulibe. Pa 15 September 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa. Mukuti zimenezo n'zakutali? Mkuwa wathu, umene pakati pa chaka unkagulidwa madola oposa 8,000 pa tani, unatsika mpaka pafupifupi 3,000 pofika December. Mgodi wa ku Luanshya unatsekedwa, anthu n'kukhala pakhomo. Nyumba za ku Florida zinachotsa ntchito bambo wa ku Copperbelt.

Ku China nakonso. Kampani ya Evergrande inkalandira ndalama za nyumba zimene sinamangebe, n'kumakongolanso kuti iyambe zina. Ngongole zinapitirira madola mabiliyoni 300. Mu 2021 inalephera kulipira, ndipo mu January 2024 khoti la ku Hong Kong linalamula kuti ithetsedwe. Mabanja anatsala akubweza ngongole ya nyumba imene sanalowemo.

Ndikudziwa wina akuti, koma kuno ku Chipata mapuloti akungokwera. Dikirani, tiwerengere limodzi. Tinene kuti munagula nyumba K500,000 mu 2013, dola ili pa K5 ndi kanthu. Amenewo ndi madola pafupifupi 90,000. Kumapeto kwa 2020 mwagulitsa K1,000,000, mwasangalala kuti mwapindula kawiri. Koma dola yadutsa K20, ndiye m'manja mwanu muli madola osakwana 50,000. Nambala yakwera, inu mwasauka. Kafunseni mtengo wa malata ndi simenti, muone ngati mungamange ina yofanana nayo.

Ndipo yendani m'makomboni mwathu muone. Nyumba yaima pamawindo, mafelemu achita dzimbiri, m'chipinda chogona mwamera udzu, matumba a simenti anauma gwa pakona. Mwiniwake amati ili ndi mtengo waukulu. Koma tsiku limene wa kaloba adzagogode pachitseko, mtengo wake udzakhala umene wogula wabwera nawo m'thumba, ndipo wogulayo amadziwa kuti muli pamoto. Ngati zikukuthandizani, dinani batani la subscribe ndi kabelu, mutumizenso vidiyoyi kwa achimwene anu amene akufuna kukongola kuti afolere.

Chachitatu, boma. Zambia inakongola ma Eurobond, ngongole za madola zochokera kumisika ya ndalama ya kunja, katatu: madola 750 miliyoni mu 2012, biliyoni imodzi mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015. Ndi nthawi yomweyo ya Link Zambia 8000, pulogalamu yomanga misewu ya malemu a Michael Sata. Misewu timaifuna, musandimve molakwa. Mlimi wa mtedza ku Chadiza amadziwa zimene msewu woipa umachita mvula ikagwa. Vuto ndi lakuti ngongole inali ya madola, pamene msewu sutulutsa madola, ndipo misonkho imabwera mu kwacha yofooka. Mu November 2020 dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala loyamba mu Africa kugwa motero nthawi ya Covid. Zinatengera pulogalamu ya IMF, bungwe lokongoza maiko, ya madola 1.3 biliyoni mu 2022 ndi zokambirana zazitali kuti ngongole ikonzedwenso.

Tili nacho chitsanzo chathu pafupi. Njanji ya Chipata–Mchinji inayambika mu 1982, n'kutsegulidwa mu 2010. Inu amene mumakhala cha kusiteshoni, sitima mumaimva kangati? Ndiuzeni pansipa.

Chachinayi, musanasaine, werengani ngati lendi ya nyumbayo ingabweze ngongole ngakhale itakhala miyezi itatu yopanda munthu, ndipo musakongole madola ngati mumalandira kwacha.

Sabata yamawa tikamba za kaloba, makamaka pepala lija amakusainitsani lonena kuti mwagulitsa nyumba pamene inu mwangokongola. Tionana Lachisanu.